Nyanga za Njinga Yanga

M'nyumba mwanga, kumtunda kuno kwa Bembeke, pakhoma la pabalaza pali msomali umene ndidakolekapo tizitsulo tiwiri. Mlendo aliyense akalowa, akangotha kulonjeredwa, maso ake amathamangira pomwepo. Ena amayesa ndi zipangizo za mjigo, ena amati kapena ndi mipope ya mfuti zachikale. Mkulu wina wa kumpingo kwathu adafika pondifunsa monong'ona ngati sizinali zokhwimira. Ine ndimangoseka, ndipo ndikaona kuti mlendoyo sali pachangu, ndimauza mayi a ana kuti ateleke tiyi, pakuti nkhani ya tizitsulo timeneti siitha m'mawu awiri.

Tizitsuloti ndi mahandulo a njinga yamoto, amene eni ake amawatcha ma clip-on. Mahandulo omwe tonse tidawazolowera ndi paipi imodzi yaitali, yokhotera m'mwamba ndi kumbuyo, yomangidwa ndi mabawuti pamwamba pa foloko. Koma ma clip-on ndi timapaipi tiwiri tatifupi, tosalumikizana. Kalikonse kali ndi kamwa yake imene imaluma paipi ya foloko, kena kudzanja lamanja kena kumanzere. Popeza timakhala m'munsi ndiponso kutsogolo, wokwera njinga amakakamizika kuwerama mpaka chifuwa chake kutsala pang'ono kugona pathanki.

Ndidawaona koyamba m'chaka cha 2010, ndili ku Joni. Monga anyamata ambiri a ku Dedza kuno, nanenso ndidapita kumeneko kukasaka ya mchere ndi sopo. Mwayi udandigwera pakhomo la mzungu wina kufupi ndi mzinda wa Pretoria, pomwe ndinkasamala maluwa ndi kutsuka magalimoto. M'galaji mwa bwanayo mudali njinga yamoto imene idandizunguza mutu. Idalibe nambala, idalibe nyali, idalibe magalasi oonera kumbuyo, ndipo sindidaionepo ikulowa mumsewu. Pofuna kuitulutsa, bwana ankaikweza pakangolo kokokedwa ndi galimoto, ngati ng'ombe yopita kumsika.

Loweruka lina adati ndimuperekeze. Tidapita ku Zwartkops, bwalo la mpikisano wa magalimoto ndi njinga zamoto lomwe lili kunja kwa Pretoria. Tsikulo silidali la mpikisano weniweni. Lidali tsiku limene munthu wamba amalipira ndalama kuti athamangitse njinga yake pabwalopo mmene mtima wake ukufunira, popanda wapolisi womuimitsa. Ntchito yanga idali kunyamula chigubu cha petulo, kufunditsa matayala timabulangete tamagetsi towatenthetsa, ndi kupukuta galasi la chisoti cha bwana.

Zimene ndidaona tsiku limenelo sindidzaziiwala. Njinga zinkatulukira pagulaye zitapendekeka mpaka bondo la wokwera kukhudza phula, kenaka n'kudzuka, phokoso lake lobaya m'makutu, kuphethira kamodzi basi zapita. Anthu ake adali atavala zikopa kuyambira m'khosi mpaka kuphazi, atadzipinda pathanki ngati nyalugwe wofuna kudumpha. Ine ndidaima kuseri kwa mpanda, chigubu chili m'manja, kukamwa kuli yasa! Mumtima ndidati tsiku lina nanenso ndidzawerama chotero.

Pobwerera kunyumba ndidafunsa bwana chifukwa chake mahandulo a njinga zimenezi ali otsika. Iye adali munthu wokonda kufotokoza. Adandiuza kuti mdani wamkulu wa liwiro ndi mphepo. Munthu ukawirikiza liwiro lako kawiri, mphamvu imene mphepo imakukankha nayo imawirikiza kanayi. Choncho wokhala tsonga amakhala ngati wanyamula chitseko pachifuwa, pamene wowerama amaboola mphepoyo ngati muvi. Chachiwiri, kuwerama kumapititsa kulemera kwa thupi kutayala lakutsogolo, ndipo manja akagwira foloko yeniyeniyo, wokwera amamva msanga ngati tayalalo layamba kuterera pagulaye.

Adandisimbiranso mbiri yake. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, anyamata a ku London ankasonkhana pamalo omwera tiyi otchedwa Ace Cafe. Ankatenga njinga zawo za Triumph ndi Norton, n'kuchotsa chilichonse cholemera, n'kuika ma clip-on, cholinga chawo chili chofika mamailosi 100 pa ola, omwe ndi makilomita 160. Ankatsanzira akatswiri a mpikisano wa pachilumba cha Isle of Man, umene udayamba m'chaka cha 1907. Pakhoma la galaji ija padalinso chithunzi cha Valentino Rossi, katswiri wa ku Italy, chojambulidwa ku Welkom m'dziko la South Africa lomwelo m'chaka cha 2004, pamene adapambana mpikisano wake woyamba atangochoka ku Honda kupita ku Yamaha. Chithunzi chimenecho ndinkachipukuta fumbi sabata iliyonse, ndipo sabata iliyonse chinkandilowa mumtima.

Ndidapita ku Zwartkops kambirimbiri m'zaka zisanu zotsatira, koma nthawi zonse ndili kuseri kwa mpanda ndi chigubu changa. Njinga ya bwana ndidaitsuka mosawerengeka, ndipo nthawi zina, iye akachoka, ndinkaikhalira m'galaji momwemo, manja pa ma clip-on, pakamwa ndikulira ngati injini. Ndidali bambo wa mwana mmodzi nthawi imeneyo, koma m'galaji muja ndinkasanduka kamwana.

M'mwezi wa Epulo chaka cha 2015, zipolowe zothamangitsa anthu obwera zidabuka ku Durban ndipo zidafalikira ku Johannesburg. Boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Ine palibe adandikhudza, koma amayi anga ankaimba foni usiku ndi usana, akuti sakugona. Ndidatsanzika. Bwana adandifunsa chimene ndikadakonda kutenga m'galajimo ngati chikumbutso. Ndikadatha kupempha masipanala, kapena makina obowolera, zinthu zimene zikadandidyetsa kumudzi. Ine ndidaloza bokosi lina lomwe mudali ma clip-on akale, ochotsedwa pakanjinga kamene mwana wake ankaphunzirira mpikisano. Bwana adaseka, nandipatsa. Adanenapo mawu ena okhudza kuyeza foloko, koma makutu anga adali atapita kale ku Dedza.

Ndalama zimene ndidabwera nazo zidathera pamalata a nyumba ndi feteleza. Pofika chaka cha 2016, kabaza wa njinga zamoto adali atayamba kugwira msika kuno, ndipo pabanja tidagwirizana kuti tigule yathu. Zanga zidaperewera. Amayi adagulitsa nkhumba yawo yaikazi ndi matumba asanu a mbatatesi, malume nawo adaponyapo kangachepe. M'mwezi wa Ogasiti ndidawoloka malire pa Calomue kupita ku Vila Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, ndipo ndidabwerako ndi njinga yofiira ya injini ya 150cc. Tsiku limene idafika, amayi adaizungulira kawiri, nagwira mahandulo ake otambalala aja, nati: "Koma ng'ombe yake ndi ya nyanga zabwino." Kuyambira pamenepo, mahandulo pakhomo pathu adakhala nyanga.

Njingayo idagwira ntchito ngati bulu. M'mawa inkatsitsa matumba a mbatatesi ndi kabichi kuchokera kuminda kupita kumsewu wa M1. Masana inkanyamula aphunzitsi, amayi a geni ndi odwala kupita kuboma. Lachitatu ndi Loweruka ndinkafika nayo mpaka ku Lizulu. Misewu yathu ya fumbi mukuidziwa: nthawi ya dzinja ndi matope oterera ngati therere, nthawi ya chilimwe ndi miyala ndi migula yosiyidwa ndi madzi. Nyanga zija zinkandithandiza osadziwa. Tayala likagunda mwala n'kufuna kupatuka, ndinkangolibweza ndi mkono umodzi, ine ndili tsonga, maso ali patali.

Koma bokosi lija lidali pansi pa bedi, ndipo linkandiitana. M'mwezi wa Sepitembala chaka chomwecho, ndidamva kuti Brad Binder, mnyamata wa ku South Africa, watenga ukatswiri wa dziko lonse m'gulu la njinga zing'onozing'ono la Moto3. Usiku umenewo tulo sitidabwere. Kutacha ndidatenga bokosi, ulendo wa kuboma, kwa mmisiri wina wachikulire amene ankakonza njinga pansi pa mtengo.

Mkuluyo adatembenuza tizitsulo tija uku ndi uku, natenga chida chake choyezera, nayeza kamwa yake, nayezanso foloko ya njinga yanga.

"Aphwanga, izi si za njinga iyi. Kamwa yake yakula ndi mamilimita awiri."

"Mamilimita awiri ndi chiyani, madala? Si kachinthu kochepa ngati njere ya mapira?"

"Pachitsulo, njere ya mapira ndi phiri. Komanso tandiuzani, mukufuna kukathamangira kuti?"

"Inu ingoikani. Ndalama yanu ndikupatsani."

Adandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adati iye sangathe kumanga chinthu chimene akudziwa kuti sichigwira, ndipo ngati ndaumirira, masipanala ndi awo, ndimange ndekha, iye azingoonerera. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma ine ndidaposa safunsa: ndidauzidwa, ndipo phulalo ndidalidya maso ali gwa.

Ntchitoyo idanditengera tsiku lathunthu, ndipo chilichonse chinkandichenjeza. Kuti ma clip-on alowe, ndidamasula chitsulo cha pamwamba chimene chimagwira mapaipi awiri a foloko, n'kudula timakutu togwira nyali. Pofuna kutseka mpata wa mamilimita awiri uja, ndidadula chitini cha mafuta a injini, n'kukulunga kalamba wake kangapo kuzungulira foloko, kenaka n'kumanga mabawuti mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Makebulo a kilachi, buleki ndi moto adapezeka atalika, popeza adapangidwira mahandulo a m'mwamba, ndiye ndidawapinda n'kuwamanga ndi mphira. Magalasi adasowa pokhala, ndidawaponya m'bokosi. Nditayesa kukhotetsa njinga mpaka kumapeto, chitsulo chidagunda thanki, chala changa chachikulu chili pakati. Ndidalumpha ndi ululu, anyamata oonerera n'kufa nazo kuseka. Mkulu uja sadaseke. Adatola mahandulo akale aja, nawapukuta, nakawaika m'kanyumba kake. "Awa ndikusungirani," adatero.

Ndinene zoona, pakuti nkhani yonama siphunzitsa munthu. Masiku oyambawo ndidakondwa kwambiri. Lamulungu m'mamawa, msewu wa M1 uli zii, ndidawerama pathanki kuchokera pamphambano ya Bembeke kulowera ku Masasa, mphepo yozizira ikulira m'chisoti. Muvi wa liwiro, umene kale unkathera pa 90, udasuntha pang'ono kupitirira pamenepo. Kuchokera pa Masasa ndidakhotera mumsewu wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti. Amene adaudutsa akudziwa mmene umapindikira ngati njoka, kuchoka kumapiri kuno komwe tili mamita oposa 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, mpaka kuchigwa chotentha cha kunyanja. Pamagulaye amenewo ndidamvadi chimene bwana ankanena. Njinga inkamvera ngati yalowa m'maganizo mwanga. Kwa mphindi zochepa zija sindidali wonyamula chigubu. Pasiteji anyamata adayamba kunditcha Rossi, ine n'kumayenda ngati ndaponda pamitambo.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sabata isadathe, nyerere zidayamba kutuluka. Choyamba chidali thupi. Njinga za mpikisano zikakhala ndi ma clip-on, popondera mapazi pamasunthidwanso kupita kumbuyo ndi m'mwamba, kuti thupi lonse ligone mofanana. Ine popondera padatsala pomwe padali, choncho ndinkapindika ngati mpeni wa m'thumba, mawondo ali m'zigongono. Komanso pali chinsinsi china chimene ndidachizindikira mochedwa. Pa liwiro lalikulu, mphepo yomwe ija imanyamula chifuwa cha wokwera, manja n'kupepukidwa. Koma pa liwiro la m'misewu yathu ya fumbi, la makilomita 20 kapena 30 pa ola, palibe mphepo yokunyamula. Thupi lonse limatsamira pamanja. Madzulo ndinkafika kunyumba zala zitachita dzanzi, khosi litauma chifukwa chodzutsa mutu kuti ndione kutsogolo.

Chachiwiri idali njinga yeniyeniyo. Aliyense amene adagwirapo khasu akudziwa kuti mpini wautali umapepuza ntchito. Mahandulo otambalala ndi mpini wautali, n'chifukwa chake njinga zothamanga m'matope ndi m'mapiri zimakhala ndi mahandulo otambalala koposa. Anga tsopano adali timipini tatifupi. Tayala likagunda mwala, linkandilanda njinga m'manja. Ndikamanga matumba awiri a mbatatesi kumbuyo, kuwongolera kunkakhala ngati kulimbana ndi nkhumba yokana kulowa m'khola. Potembenuka pamsika, pomwe kale ndinkangozungulira kamodzi, tsopano ndinkabwerera m'mbuyo kawiri kapena katatu poopa kugunda thanki.

Chachitatu adali anthu. Amayi a geni adayamba kundidutsa n'kukakwera kwa anzanga. Mmodzi adandiuza poyera kuti sangakhale kumbuyo kwa mwamuna woweramira kutsogolo chotero, anthu angamuone bwanji. Wokwera kumbuyo amabisala kumsana kwa woyendetsa, koma kwa ine ankakhala pamtunda yekhayekha, mphepo ya ku Dedza ikumuwomba kumaso, ndipo ndikagwira buleki ankandigwera pamsana. Ndalama za patsiku zidatsika. Mayi a ana ankawerenga madzulo, osanena kanthu, koma kusanena kwawoko kunkamveka kuposa mawu.

Chimene chidandipweteka kwambiri ndidachimva kwa malume. Kwathu kuno munthu sadutsa mnzake osapereka moni, ngakhale ali panjinga. Umakweza dzanja, umagwedeza mutu, ukaona wamkulu umachepetsa moto. Ine tsopano dzanja silinkatheka kuchoka pachitsulo, popeza ndilo lidanyamula thupi, ndipo maso ankangoona mamita ochepa a dothi patsogolo pa tayala. Ndidadutsa anyakwawa osawaona. Ndidadutsa apongozi anga akuchokera kuchigayo, thumba lili pamutu, osawaona. Malume adandiitana nati: "Mphwanga, anthu akuti Joni idakulowa m'mutu. Akuti masiku ano umayenda chozolika ngati waba nkhuku." Ndidawayankha kuti anthu akumudzi sadziwa za njinga. Lero ndikakumbukira yankho limenelo, manyazi amandigwira.

Ndidapirira miyezi isanu ndi inayi, chifukwa kubwezera nyanga zija kukadakhala kuvomera kuti mkulu wa pansi pa mtengo adanena zoona. Kawiri konse ndidamva chitsulo cha kumanja chikusuntha pang'ono ndikagwira buleki mwamphamvu. Ndinkangotenga sipanala n'kukhwimitsa, osafuna kuganiza kuti kalamba wa chitini uja akuphwanyika m'kati.

Tsono udafika usiku wina wa mwezi wa Juni, chaka cha 2017. Amene adagonapo ku Dedza m'mwezi umenewu akudziwa chisanu chake, cholowa mpaka m'mafupa. Amayi adali atatha masiku atatu akutsokomola, ndipo usiku umenewo, cha m'ma 11 koloko, mlongo wanga adagogoda pakhomo akulira, akuti amayi akubanika. Tidawapeza thupi lili moto, mpweya ukuvuta. Galimoto m'mudzi mudalibe. Njinga imene idalipo ndi yomwe iwo adaigulitsira nkhumba.

Tidawafunditsa mabulangete awiri. Chisoti chidali chimodzi, ndidawaveka iwo. Adakhala pakati, mayi a ana kumbuyo atawakumbatira. Ndikudziwa kuti anthu atatu panjinga imodzi si chinthu chololedwa, koma usiku wotere munthu sawerenga malamulo. Kunja nkhungu idali itatsika, nyali ikungoonetsa utsi woyera. Popeza ndidali wowerama, amayi adasowa msana wotsamira. Ankangogwera kutsogolo, kulemera kwawo ndi kwa mpongozi wawo konse kuli pamanja anga.

Patsala pang'ono kufika pamsewu wa phula pali kamtsetse kotsikira kukamtsinje. Ndidaona mgula mochedwa. Ndidagwira buleki, anthu awiri aja adandikankha kumsana, ndipo chitsulo cha kumanja chidangoti pheku, kuzungulira pafoloko kupita kutsogolo. Dzanja lidapotoza moto mosafuna, injini idakuwa, tayala lidalowa mumgula, ndipo tonse atatu tidapezeka pansi. Sitinkathamanga, mwina n'chifukwa chake ndikulemba nkhaniyi ndili ndi amayi. Koma njinga idawagwera pamwendo, ndipo ekizozi yotentha idawawotcha pakatumba ndisadaidzutse. Sadakuwe. Adalibe mpweya wokuwira. Adangobuula pang'ono, ndipo kubuula kumeneko ndimakumvabe.

Ndidayesa kubweza chitsulo chija, koma chinkangozungulira ngati chogwirira cha chitseko chothyoka. Sipanala ndidali nditaiwala kunyumba. Ndidaima mumdima, m'nkhungu, amayi ali gone paudzu wonyowa, ine Rossi wa ku Bembeke ndilibe chochita. Mayi a ana ndiwo adatulutsa foni n'kuimbira mnyamata wina wa kabaza wa mudzi woyandikana nafe. Mnyamata ameneyu ndinkamuseka pasiteji kuti amayendetsa ngolo ya ng'ombe. Sipadathe mphindi 20, nyali yake idatulukira. Sadafunse mafunso. Adakhala tsonga panjinga yake, amayi adatsamira kumsana kwake ngati mwana wobelekedwa, mayi a ana kumbuyo, ndipo adawoloka kamtsinje kaja mosavuta. Ine ndidatsala ndikukankha njinga yanga, misozi ikusakanikirana ndi mame.

Kuchipatala cha boma ku Dedza adapeza kuti chidali chibayo. Adawalandira usiku womwewo, ndipo adagonekedwa masiku asanu ndi anayi. Chibayo chidatha, koma bala la moto lidatenga miyezi iwiri, ndipo chipsera chake chilipo mpaka lero. Tsiku lachitatu, atayamba kuyankhula, ndidakhala pambali pa bedi lawo ndikuyembekeza kukalipiridwa. Adandiyang'ana, nati:

"Mwana wanga, ng'ombe ija tidagula ili ndi nyanga. Nyangazo zidapita kuti?"

"Ndidazichotsa, amayi."

"Zinkakulemera?"

Ndidasowa choyankha. Iwo adatseka maso, nanena motsitsa kuti njovu silemedwa ndi minyanga yake. Sadabwerezenso nkhaniyi, ngakhale kamodzi, kufikira lero. Ndikadakonda akadandikalipira.

M'mawa mwake ndidakankhira njinga kwa mkulu wa pansi pa mtengo. Sadanene kuti ndidakuuzani. Adalowa m'kanyumba kake, natulutsa mahandulo aja atawakulunga m'thumba la feteleza. Titamasula ma clip-on, kalamba wa chitini adagwa ali zidutswazidutswa. Mkuluyo adabwezera nyanga, nawongola makebulo, nawotcherera timakutu ta nyali, namanga magalasi. Nditakhala pachishalo n'kutambasula manja, ndidaona phiri la Dedza lonse lathunthu, mitengo yake ya paini, ndi anthu akudutsa mumsewu. Ndidazindikira kuti kwa miyezi isanu ndi inayi ndidali ndisakuliona phirilo.

Zaka zapitapo tsopano, ndipo ndakhala ndikusinkhasinkha za nkhaniyi. Tizitsulo tija tilibe mlandu. Amene adatipanga adatipangira malo ake, ndipo pamalo akewo timagwira ntchito yodabwitsa. Ine ku Zwartkops ndidaona kuwerama kokha, osaona zonse zozungulira kuweramako. Pabwalo paja aliyense amalowera mbali imodzi. Palibe mbuzi, palibe mwana wothamangira mpira, palibe lole yobwera kutsogolo. Phula lake ndi losalala, m'mbali mwa magulaye adasiya malo oti wogwa atsetserekerepo, pali anthu a mbendera ochenjeza za ngozi, ndipo ambulansi imakhala ili chire. Wothamanga pabwalo safuna galasi, sanyamula munthu, sapereka moni. Akhoza kuweramitsa mutu chifukwa anthu ena ambirimbiri akumuyang'anira njira. Mmodzi mwa anthu amenewo ndidali ine, ndi chigubu changa.

Kuno ku Dedza bwalo lotere kulibe. Msewu wa Khwekhwelere, ngakhale ukome bwanji, ndi msewu wa anthu onse: wa minibasi, wa ng'ombe, wa amayi osenza nkhuni. Woyendetsa njinga kuno amadziyang'anira yekha njira, ndipo amayang'aniranso amene wamunyamula. Mahandulo ake ayenera kumulola kudzutsa mutu.

Masiku ano pasiteji ndimaona anyamata akupinda mahandulo kuti atsike, ena akuchotsa magalasi kuti njinga ioneke yaukali. Sindiwanyoza, pakuti njala imene ili mwa iwo ndimaidziwa. Mnyamata amene moyo wamuika kuseri kwa mpanda amafuna, ngakhale kwa mphindi imodzi, kukhala iye wothamangayo. Ndimangowaitana n'kuwauza zimene ndidaphunzira ndi mwendo wa amayi anga. Chitsulo chogwira foloko chiyenera kufanana ndi folokoyo ndendende, ndipo chitini si mankhwala a mpata. Ukasintha mahandulo, khotetsa njinga mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto injini ikulira, uone ngati sakugunda thanki ndiponso ngati moto sukukwera wokha. Ukamva chinthu chikusuntha pamene sichiyenera kusuntha, usakwezepo munthu. Ndipo usadagwire sipanala, yamba wayankha funso limene mkulu uja adandifunsa, loti ukufuna kukathamangira kuti. Ena amamva, ena amaseka monga ndidasekera ine.

Mpikisano ndimaukondabe. M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2020, Brad Binder atapambana koyamba m'gulu lalikulu la MotoGP ku Brno, m'dziko la Czech Republic, ndidaonera pafoni ya mphunzitsi wina, ndipo ndidakuwa mpaka agalu a m'mudzi adauwa. Mtima uja wa m'galaji sudafe. Kungoti tsopano ndimadziwa kuti iye ali ndi bwalo lake, ine ndili ndi langa, ndipo langali lili ndi matumba a mbatatesi, ana a sukulu ndi odwala a pakati pa usiku.

Njinga yofiira ija idakalamba, ndidagula ina, koma nyanga zake sindidazikhudze. Mwana wanga wamwamuna, amene tsopano wayamba kumera ndevu, tsiku lina adatsitsa tizitsulo tija pamsomali n'kumatiyeza m'manja, maso akuwala monga ankawalira anga. Adandifunsa ngati tingakwane panjinga yatsopanoyi. Sindidamuyankhe. Ndidamutuma kuti akapereke nkhuni kwa agogo ake, ndipo akakafika akawapemphe kuti amuonetse mwendo wawo wakumanja. Adabwerako madzulo ali chete, natenga tizitsulo tija, natibwezera yekha pamsomali.